Chifuwa chimene ndinkati ndi fumbi la matabwa

Ine ndine kalipentala, ndipo ndimagwira ntchito ku Mchesi mu Lilongwe. Pantchito yathuyi kutsokomola si nkhani. Ukakhala tsiku lonse ukupala mlombwa kapena paini, n'kumaliza ndi sandipepa ndi vanishi, pofika madzulo pakhosi pamakhala pakuyabwa, ukamina mamina ake ofiirira. Choncho chifuwa chitandiyamba mu Meyi 2021, sindinachiwerengere. Ndinkati ndi fumbi, ndipo kuzizira kwa Juni kutabwera ndinapeza china chonamizira.

Mukumbukire kuti inali nthawi ya Covid. Munthu ukatsokomola m'minibasi, anthu onse ankakucheukira ngati waba. Kuchipatala ndinkaopako, poganiza kuti akandipisa kamtengo kaja m'mphuno n'kunditsekera kwinakwake, shopu n'kuima, maoda a anthu n'kugona. Ndiye ndinachita zimene aliyense ankachita masiku amenewo. Ndinafukiza masamba a bulugama nditafunda bulangete, ndinamwa jinja wa mandimu mpaka m'mimba kutentha. Kenako ndinagula makapisozi a amoxicillin, chifuwa n'kukhala ngati chaleza sabata imodzi, n'kubwereranso. Ndinagula bactrim. Chimodzimodzi.

Amene anayamba kuona kuti zinthu sizili bwino ndi mayi a kunyumba. Usiku wa Julaye, kunja kukuzizira koopsa, ine ndinkadzuka nditanyowa thukuta mpaka pilo. Madzulo aliwonse thupi linkatentha pang'ono, osati kwambiri ngati malungo, koma kungofunda ndi kulemera. Nsima ndinkangodya nthongo ziwiri n'kusamba m'manja. Lamba ndinamuboola bowo lina ndi msomali, patapita masabata atatu ndinaboolanso lina. Thabwa limene kale ndinkanyamula ndekha ndinayamba kuitanira mnyamata.

"Bambo ake mwana, chifuwa chanuchi si cha fumbi," anatero tsiku lina akuyanika nsalu yofunda. "Fumbi mwayamba kupuma lero?"

Ndinawakalipira. Ndipo ndikudziwa chimene chinandikalipitsa: mumtima ndinali nditaganiza kale za TB, koma dzinalo sindinkafuna kulimva, chifukwa cha zimene ndinaona kwa bambo anga.

Malemu bambo anapita ku Joni pa TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito ya kumigodi, m'zaka za m'ma 1980, n'kukagwira m'migodi ya golide. Anabwera ndi wailesi yaikulu, njinga, jekete lachikopa, komanso chifuwa chimene poyamba sichinkaoneka. Fumbi la miyala ya pansi pa mgodi limalowa m'mapapo n'kusiya zipsera zosapola, ndipo mapapo otero TB imawapeza mosavuta. Amalawi ambiri amene anapita kumigodi anabwera nazo zimenezi. Bambo anagwidwa ndi chifuwa chachikulu cha m'ma 1994, ine ndili ku pulayimale kwathu ku Dedza. Masiku amenewo akakupeza nacho ankakugoneka m'chipatala miyezi iwiri yathunthu, ndipo tsiku lililonse m'mawa unkabayidwa jakisoni wa streptomycin, kuwonjezera pa mapiritsi. Majakisoni 60. Ndimakumbukira bambo akulephera kukhala pampando, akukhalira mbali imodzi chifukwa matako onse anali zotupa. Amayi anasiya munda n'kukakhala kuchipatalako monga owadikirira, akuphika pamafuwa panja pa wodi. Chaka chimenecho chimanga chathu chinadyedwa ndi udzu. Atatuluka anamwabe mapiritsi miyezi ina 6. Anachira ndithu, koma khutu lawo silinabwererenso mwakale. Ankadandaula kuti m'mutu mukulira nkhululu, ndipo akamayenda mumdima ankadzandira ngati aledzera. Pambuyo pake ndinadzamva kuti streptomycin amatha kuwononga mitsempha ya m'khutu.

Ndiye kwa ine TB inali imeneyo: miyezi iwiri pabedi, jakisoni, banja kugwa mu umphawi. Ndinali ndi ana atatu, lendi ya nyumba ndi ya shopu. Ndinasankha kusadziwa.

Amayi atabwera kudzationa mu Ogasiti, anangondiyang'ana n'kugwira pakamwa. Usiku anawatengera pambali apongozi awo n'kuyamba kufunsa mafunso a mchere, ngati panalibe amene anathira mchere m'ndiwo ali wotentha. Kwa iwo munthu woonda, wotsokomola, wotuwa, ndiye kuti ndi tsempho basi. Sindiwanyoza amayi, anthu a msinkhu wawo anakula akuona zizindikiro zomwezi n'kuzipatsa dzina limeneli. Koma nkhaniyo inabweretsa chinkhirano m'nyumba, mayi a kunyumba analira, ndipo mizu imene amayi anandibweretsera ndinamwa masabata awiri enanso a ulere.

Kuti ndiwatonthoze onse, ndinapita pa kachipatala kena kolipira kapafupi. Anandipatsa kabotolo, ndinalavuliramo pomwepo, anakapaka pagalasi n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Anati sanapeze kanthu. Ndinatuluka ndikumwetulira, ndi mankhwala ena a chifuwa a m'botolo, n'kukauza aliyense kunyumba kuti mwaona, dokotala wanena. Apa ndi pamene ndikufuna anzanga amvetse, chifukwa pepala limenelo linandinamiza mwezi wathunthu, ngakhale amene analilemba sananame. Njira yoyang'ana makhololo pa maikulosikopu ndi yakale kwambiri. Inayamba m'nthawi ya Robert Koch, dokotala wa ku Germany amene analengeza za kachilombo ka TB pa 24 Malichi 1882. Diso la munthu limaona tizilomboti pokhapokha tikachulukana, masauzande angapo m'kadontho ka makhololo. Tikakhala tochepa, kapena ngati wapereka malovu m'malo mwa makhololo enieni, monga ndinachitira ine, galasi limaoneka loyera pamene matenda ali m'kati akudya.

Chimene chinandithyola khosi ndi magazi. M'mawa wina mu Seputembala ndinatsokomola kuseri kwa shopu, ndipo pa utuchi panagwera makhololo a mizeremizere yofiira. Miyendo inazizira. Ndinaimbira alamu anga, amene amagwira ntchito ya zaumoyo m'mudzi kwawo, aja amayenda ndi njinga kukalemba ana a sikelo. Sanandinyengerere.

"Alamu, mwachedwa kale. Mawa m'mamawa mukakhale pachipatala cha boma, ndipo mukanene kuti mwatsokomola miyezi inayi, osati masiku anayi monga mumachitira amuna. Mukapemphe kuti makhololo akawapime pa makina a GeneXpert."

Dzinalo ndinalilemba pa kathabwa ndi pensulo ya kukhutu.

Kuchipatalako, nditangonena za chifuwa cha miyezi, anandichotsa pamzere n'kundipatsa masiki, kenako anandituma kwa bambo wina wa ku ofesi ya TB. Ameneyu ndiye anandiphunzitsa kupereka makhololo, chinthu chimene ndinkayesa kuti aliyense amabadwa akuchidziwa. Anati nditsuke m'kamwa ndi madzi, ndipite panja pamphepo kutali ndi anthu, ndikoke mpweya wambiri katatu, kenako nditsokomole kuchokera pansi pa chifuwa, osati kukhosi. Zimene zinatuluka ulendo umenewu zinali zolimba, zachikasu, zosiyaniratu ndi thovu lija ndinapereka poyamba. Anandiuza kuti ndibwere mawa lake, poti makinawo anali ndi mzere wa makhololo a anthu ena.

Mawa lake anandikhazika pansi n'kundionetsa pepala. Panali mizere iwiri imene anandimasulira. Woyamba unkati TB yapezeka. Wachiwiri unkati tizilombo tanga sitikukana mankhwala a TB otchedwa rifampicin. "Bambo, nkhani yoyambayi ndi yowawa, koma yachiwiriyi muithokoze," anatero.

Ine ndi munthu wokonda kudziwa mmene chida chimagwirira ntchito, ndiye m'miyezi yotsatira ndinkawafunsafunsa a ku labu mpaka anandionetsa makinawo pawindo. Ndi kabokosi chabe, kukula kwake ngati kabati kakang'ono ka pambali pa bedi, kolumikizidwa ku kompyuta. Makhololo amawasakaniza ndi madzi ena amankhwala kuti asungunuke, n'kuwathira m'kachibotolo kapulasitiki kokwana m'dzanja, kamene amakatsekera m'makinamo. Makinawo safuna kuona kachilombo ndi maso ayi. Amaswa tizilomboto n'kufufuza DNA yake, tinene kuti chidindo chimene kachilombo ka TB kokha kali nacho, ndipo akapeza kachidutswa kakang'ono amakachulukitsa kambirimbiri mpaka kadziwike. N'chifukwa chake amagwira TB ngakhale tizilombo tili tochepa kwambiri moti maikulosikopu sangatione. Pa chidindo chomwecho amayang'ananso malo amene amasintha kachilombo kakayamba kukana rifampicin. Zonsezi zimatha maola osakwana awiri. Kale kuti adziwe ngati TB ya munthu ikumva mankhwala, ankachita kudzala tizilomboto mu labu n'kudikira masabata ambiri, chifukwa kachilombo ka TB kamakula mwaulesi, ndipo odwala ena ankamwalira akudikira yankho. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza makinawa mu Disembala 2010, ndipo mu 2017 kunabwera mtundu wina wa kachibotolo kaja, wotchedwa Ultra, wogwira tizilombo tochepa kuposa poyamba. Makina omwewo, akangosintha kachibotolo, amapimanso kuchuluka kwa HIV m'magazi, ndipo nthawi ya Covid ankapimiranso matendawo.

Funso langa loyamba linali lakuti andigoneka wodi iti. Bamboyo anaseka. Anati palibe zogona pokhapokha munthu atafooka kwambiri, palibenso jakisoni. Ndinawafunsa kachiwiri, kuopa kuti mwina sindinamve bwino.

Anandipemphanso kuyezetsa HIV, monga amachitira ndi aliyense wopezeka ndi TB, poti kuno kwathu pafupifupi theka la odwala TB amakhalanso ndi HIV. Ine sanandipeze nako. Ndikunena zimenezi osati podzitama, koma chifukwa pa shopu anzanga anali atandiweruza kale, ndipo ndikudziwa amuna ambiri amene amathawa kupimitsa chifuwa poopa kuti akamva zinazo. TB imayenda mumpweya. Aliyense wopuma angaitenge, m'minibasi, mu tchalitchi, m'chipinda chopanda mawindo. Akuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse padziko lapansi anakumanapo nako kachilomboka, kungoti mwa ambiri kamangogona. Kamadzuka thupi likafooka: ndi HIV, shuga, njala, mowa, fodya, kapena mapapo ovulala ngati a bambo anga. Ndipo amene ali ndi zonse ziwiri, TB ndi HIV, amachiranso. Ndinkakhala nawo pamzere, ena ananenepa kundiposa. Kwa amene HIV yawafooketsa kwambiri moti sangathe n'kutulutsa makhololo, kuli kachipangizo kena kopimira TB mumkodzo, kotchedwa LAM, kooneka ngati kaja kopimira malungo.

Anandikweza pasikelo, ndinalemera makilogalamu 52, munthu amene kale ndinkafika 64. Mankhwala amapereka motsata kulemera, ndiye ine anandiyambitsa mapiritsi atatu patsiku, m'mawa ndisanadye kanthu. M'piritsi lililonse muli mankhwala anayi: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol. Amenewa ndi a miyezi iwiri yoyamba. Miyezi inayi yotsatira umamwa a mitundu iwiri yokha, rifampicin ndi isoniazid. Zonse ndi zaulere. Mayi a kunyumba analembedwa kukhala ondiyang'anira, kuti aziona ndikumeza n'kuchonga pakhadi. Ntchitoyi anaigwira ngati wapolisi, mwina pobwezera kukalipiridwa kuja.

Pali zinthu zimene ndikanakonda wina akanandiuza mobwereza, ngakhale anandiuza ndithu tsiku loyambalo mutu uli kwina. Tsiku lachiwiri ndinakodza mkodzo wofiira ngati Fanta, n'kufuula kuti magazi. Si magazi, ndi rifampicin, ndipo amatha kufiiritsa ngakhale thukuta ndi misozi. Sabata yachitatu mawondo ndi akakolo zinayamba kuphwanya. Achipatala anati ndi pyrazinamide, n'kundipatsa opha ululu. Kumapazi kunkachita dzanzi ndi kubayabaya usiku, ndipo anandiwonjezera kapiritsi ka vitamini B6 koteteza mitsempha ku isoniazid. Koma anandichenjeza kuti maso akachita chikasu, ndikamasanza kosalekeza, thupi likatuluka zidzolo, kapena maso akayamba kuona mwachimbuuzi, ndisadikire tsiku la pakhadi, ndithamange. Mowa anandiletsa chifukwa mankhwalawa amalemetsa kale chiwindi. Kwa amayi, rifampicin amafooketsa mapiritsi olera ndi kaja koika pamkono, choncho ndi bwino kuwauza achipatala njira imene mukugwiritsa ntchito. Amene ali pa ma ARV nawonso amawasinthira kamwedwe kake.

Njala inabwera ngati chilombo. Pofika sabata yachitatu thukuta la usiku linatha, ndipo ndinkadya phala la m'mawa, nsima ya masana, chinangwa cha pakati, n'kumafunsabe ngati kwatsala mkute. Nditadutsa makilogalamu 55 anandikwezera mapiritsi kukhala anayi.

Malo oterera ali m'mwezi wachitatu. Chifuwa chinali chitatheratu, mphamvu zitabwerera, maoda a Khirisimasi atachuluka, ndipo ulendo wokatenga mankhwala unayamba kuoneka ngati kutaya tsiku. Ndinaganizapo zosiya, sindibisa. Amene anandibweza ndi bambo wina amene ndinkakumana naye pa benchi ya ku TB, woyendetsa malole. Iyeyu anadwalapo kale, anasiya mankhwala m'mwezi wachitatu ali paulendo wa ku Beira, ndipo patapita chaka chifuwa chinabwerera. Ulendo uno makina aja anaonetsa kuti rifampicin sakugwiranso. Anandionetsa mapiritsi ake a tsiku limodzi, dzanja lodzaza. Mankhwala amayamba kupha tizilombo tochangamuka, n'chifukwa chake munthu umapeza bwino msanga, koma pamatsala tina togona, tolimba, timene timafa pang'onopang'ono. Miyezi inayi yomaliza ndi ya timeneti. Ukaidumpha, timadzuka.

Komabe ngakhale iyeyo anali ndi mwayi poyerekeza ndi akale. TB yosamva mankhwala inkatenga pafupifupi zaka ziwiri, ndi jakisoni wa tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri, ndipo ambiri ankagontha nawo. Mu 2012 kunavomerezedwa bedaquiline, mankhwala atsopano oyamba a TB patapita zaka pafupifupi 40, ndipo jakisoni anayamba kuchotsedwa. Mu 2022 WHO inavomereza njira ya miyezi 6 yokha ya mapiritsi okhaokha, yotchedwa BPaLM, kwa odwala ambiri a TB yosamva mankhwala. Ndikaganiza za khutu la bambo anga, nkhani imeneyi imandikhudza kuposa ina iliyonse.

Chimene chimandipwetekabe mtima ndi ana. Miyezi inayi ndinkagona chipinda chimodzi ndi mwana wathu wotsiriza, wa zaka zitatu, mawindo otseka chifukwa cha kuzizira ndi udzudzu. Achipatala anaitana banja lonse. Mayi ake ndi ana akuluakulu anawafunsa mafunso n'kuwajambula pachifuwa. Ekisileyi yake si ija ya kale yodikira filimu iume n'kumaiyang'ana padzuwa. Chithunzi chinatuluka pa kompyuta nthawi yomweyo. Masiku ano kulinso mapulogalamu a kompyuta owerenga chithunzicho n'kuloza mapapo okayikitsa, amene WHO inawavomereza mu 2021, ndipo amathandiza kumalo kumene kulibe dokotala wodziwa kuwerenga zithunzi. Onse anapezeka bwino. Wamng'onoyo, popeza sanafike zaka zisanu, anamupatsa isoniazid woteteza wa miyezi 6, chifukwa mwa ana aang'ono TB imathamanga ndipo imatha kukwera mpaka ku ubongo. Katemera wa BCG amene analandira atabadwa, uja wosiya chipsera pamkono, amathandiza kuteteza ku TB yoopsayo koma satchinga zonse. Tinkamuphwanyira piritsi m'kasupuni ka phala, iye kumwa lake, ine kumwa anga, kumapikisana. Kwa akuluakulu kuli njira ina yoteteza yaifupi, ya 3HP, yomwa kamodzi pa sabata kwa masabata 12.

Amayi anali atalamula kuti mbale yanga, kapu ndi supuni zikhale pazokha. Achipatala anati zimenezo n'zosafunika, TB siyenda pa mbale. Chofunika ndi kutsegula mawindo, kutseka pakamwa potsokomola, ndi kumwa mankhwala, chifukwa pakatha masabata awiri munthu akumwa mankhwala oyenera, mphamvu yopatsira ena imatsika kwambiri. Kapu ija inabwerera pakati pa zinzake, ngakhale amayi ankaiyang'anabe ndi diso la kumbali.

Makhololo anandipimanso kumapeto kwa mwezi wachiwiri, wachisanu ndi wachisanu ndi chimodzi. Ndinadabwa kuona kuti maulendo amenewa akugwiritsa ntchito maikulosikopu yomwe ija inandiphonya poyamba, ndipo ndinadandaula kuti bwanji osaika pa makina abwino aja. Anandifotokozera kuti GeneXpert imagwira chidindo cha kachilombo kaya kali moyo kaya kanafa, ndiye ingathe kumanenabe kuti TB ilipo munthu atachira kale. Pofufuza matenda ndi yakuthwa, koma poona ngati mankhwala akugwira, chida chakalecho chikadali ndi ntchito. Ife akalipentala zimenezi timazimva; makina opalira anabwera, koma tchizulo sitinataye.

Piritsi lomaliza ndinameza mu Malichi 2022, ndikulemera makilogalamu 63. Pakhadi analemba kuti ndachira. Ndinapita nayo kumudzi kukawaonetsa amayi. Sadziwa kuwerenga, koma anaigwira nthawi yaitali, akuitembenuza uku ndi uku.

"Ndiye sanakubaye ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi, amayi."

"Osagonako?"

"Osagonako."

Anakhala chete akuyang'ana kumanda kumene kuli bambo, kuseri kwa mitengo ya masuku. Kenako anandibwezera khadiyo, n'kuuza mdzukulu wawo kuti agwire nkhuku ija yamawangamawanga.

Kumapeto kwa chaka chatha mnyamata wanga wa pa shopu, amene ankandinyamulira matabwa aja, anayamba katsokomole kouma. Ndinamusiya sabata yoyamba. Itakwana yachiwiri ndinamufunsa ngati akutuluka thukuta usiku, iye n'kuyankha kuti, "Abwana, ndi fumbi chabe." Ndinakhoma loko pa shopu, n'kuimitsa kabaza awiri.